Ku Kasungu ndi ndakatulo za a Rubadiri

Lolemba

Ukangopitirira Lumbadzi pa msewu wa M1 dziko limatambasuka, ndipo Novembala uno lonse lafiira. Minda anagaula kale, mizere yaima, chatsala n'chakumwamba. Ndakwera minibasi ya ku Kasungu nditanyamula matumba awiri a feteleza a amalume anga a ku Mtunthama. Kondakitala wawalipiritsa mtengo wa munthu, koma mpando sanawapatse, moti ndayenda ulendo wonse maondo ali kukhosi. Pa Mponela tinaima mpaka ena anayamba kusinza. Pa Madisi anyamata a mazira owiritsa ndi zitumbuwa anatchinga mawindo onse. Titaoloka Bua n'kufika pa Chinkhoma tinapeza mashedi a msika wa fodya ali zii, poti malonda a chaka chino anatha kalekale.

M'chikwama muli buku lachikuto chong'ambika, Poems from East Africa, lomwe a David Rubadiri anasonkhanitsa ndi mnzawo David Cook n'kulitulutsa mu 1971. Ine ndimaphunzitsa Chingerezi kusekondale, choncho ndakatulo za bambowa choko changa chimazidziwa. Koma ulendo uno ndafuna kuziwerengera kuno, kwawo kwa munthu amene anasemphana naye Chichewa.

Wina afunsa kuti a Rubadiri ndi Kasungu zikukumana pati. Kuno si kwawo. Anabadwa pa 19 Julayi 1930 ku Liuli, tsidya lija la nyanja m'dziko la Tanganyika, anakulira ku Uganda, ndipo anatsikira kuli chete ku Mzuzu. Koma njira ya moyo wawo inakhota chifukwa cha mwana wa kuno, Hastings Kamuzu Banda. Mu 1964, dziko litangolandira ufulu wodzilamulira, Kamuzu anawatuma kukakhala kazembe woyamba wa Malawi ku America ndi ku United Nations. Mu 1965 anatula pansi udindowo, ndipo kuyambira pamenepo anakhala m'mayiko a eni zaka pafupifupi 30.

Ndafika paboma dzuwa litapendeka. Ndasungitsa feteleza pagolosale ya mnzawo wa amalume, ndadya chipisi cha pachiwaya chothira kabichi ndi tsabola, n'kupeza chipinda. Podikira chipisicho ndinafunsa anyamata a kabaza ngati dzina la Rubadiri analimvapo. Wina anapukusa mutu. Wina anati mwina ndi phungu wakale wa kumpoto. Nditatchula Kamuzu aliyense anali ndi nkhani yake: wina agogo ake ankavina nawo akabwera kudzayendera mbewu, wina bambo ake anagwirako ntchito kuesiteti ya Press. Chipisi chinafika pozizira nkhani zisanathe.

Lachiwiri

Phiri la Kasungu n'lokwera mbandakucha dzuwa lisanakwiye. Mmodzi mwa anyamata a dzulo aja anavomera kundiperekeza, njinga n'kuisiya kwa mlamu wake m'munsi. Njira yake si yaitali koma ndi yoima, ndipo mthunzi ndi wosowa, mitengo yambiri inapita ku nkhuni. Pamwamba boma lonse lili pansi pako, malata ali ng'aning'ani. Chakutali kuzambwe ndiye kuli nkhalango ya Kasungu National Park yomwe imakagunda malire a Zambia. Mnyamatayo anandilozera komwe kuli Nguru-ya-Nawambe, nyumba yomwe Kamuzu ankafikira akabwera kwawo.

Dziko la mfumu Mwase, kuno ku Kasungu, linali panjira ya malonda. M'zaka za m'ma 1800 amalonda a minyanga ndi akapolo ochokera kwa Jumbe ku Nkhotakota ankadutsa kuno polowera ku Luangwa. David Livingstone anadutsanso mu 1863. Mwase anali ndi mfuti ndipo Angoni anamulephera, koma kumapeto kwa 1895 asilikali a Angerezi anamuthira nkhondo, iye n'kusankha kudzipha kusiyana n'kugwidwa.

Nditakhala pamwala kuti mpweya ubwerere, ndinatsegula ndakatulo ya “Stanley Meets Mutesa”. Nkhani yake ndi ya mu 1875, pamene Henry Morton Stanley anafika kwa Kabaka Mutesa wa ku Buganda. Mabuku a mbiri amathamangira pa kukumana kwa akuluakulu awiriwo. A Rubadiri sathamanga. Theka la ndakatuloyo alithera panjira, pa amtengatenga: mzere wa anthu owonda, sanza kumsana, mabokosi olemera akugwa pamitu yometa, usana kutentha, usiku chisanu ndi udzudzu, tsiku ndi tsiku wina kugwa n'kusiyidwa pomwepo. Akafika kwa mfumu palibe nthungululu, ana akungosuzumira m'mipanda ya bango, akuluakulu akungogwedeza mitu. Mfumu ipereka moni kwa mlendo, chipata chitsekeka kumbuyo kwawo, basi azungu alowa.

Munthu amene agogo ake ananyamulapo machila kapena katundu wa nkhondo ya 1914 sangaiwerenge ndakatuloyi ngati ya ku Uganda kokha. Ine pamwala paja, miyendo ikunjenjemera ndi kaphiri kamodzi ndilibe ndi katundu yemwe, ndinaona kuti luso la a Rubadiri lili pa kudziwa poika diso. Sakalipa, salalikira. Amangokuonetsa amene anasenza bokosi.

Nkhani ya Mutesa sanachite kuifuna patali. Mu 1941, ali ndi zaka 11, anayamba sukulu pa King's College, Budo, pafupi ndi Kampala, paphiri lomwe Abaganda amalongerapo mafumu awo. Kuchoka apo analowa Makerere mu 1952 n'kumaliza mu 1956, ataphunzira Chingerezi ndi mbiri yakale. Anaphunziranso zauphunzitsi ku Bristol. Atabwera ku Nyasaland anakaphunzitsa ku Dedza, ndipo chipwirikiti cha chitaganya chitabuka mu Malichi 1959, bwanamkubwa Robert Armitage atayamba kugwira a chipani cha Nyasaland African Congress, a Rubadiri anamangidwa nawo. Chaka chomwecho Kamuzu anali m'ndende ku Gweru. Tisaiwale zimenezi: awiriwa poyamba anali mbali imodzi, ndipo anawatsekera ndi boma limodzi. Atatuluka, a Rubadiri anapita ku King's College, Cambridge, n'kubwerera kudzatsogolera koleji ya aphunzitsi ya Soche Hill.

Potsika ndinaterereka kawiri konse. Masana ndangogona.

Lachitatu

Ku Mtunthama umalowera msewu wa ku Nkhotakota. Ndakwera matola, feteleza pansi, ine pamwamba pake, pambali panga mayi wina ndi nkhuku ziwiri zomanga miyendo. M'madimba anthu akuthirira nazale za fodya ndi makeni, ndipo m'midzi zigafa zaima mafupa okhaokha kudikira udzu watsopano.

Woyamba kundiona anali msuweni wanga, mwana wa amalume, ali pamtondo.

“Ii, amuna anga abwera! Koma mwandibweretsera chiyani, kapena mwangobwera ndi mimba?”

“Ndabwera ndi feteleza, akazi anga.”

“Feteleza ndi wa apongozi anu. Ine ndikufunsa chitenje.”

Amalume anatuluka m'nyumba akuseka, ndodo m'manja. Anaphunzitsa kupulaimale moyo wawo wonse mpaka kupuma, ndipo mpaka lero akamalankhula nawe umangomva ngati ukufunsidwa funso la mayeso. Tadya nsima ya mgaiwa ndi mfutso wotendera, kausipa pambali, n'kutsitsira mango a kapantha omwe ana anathothola kuseri kwa nyumba. Dzuwa litafatsa anati tiye ndikakuonetse kumene Ngwazi inaphunzirira a, e, i, o, u.

Anayamba ndi mtengo wa kachere, pomwe amati Kamuzu ali mwana ankaphunzirira. Amalume anavula chipewa. Kenako anandifotokozera, ngati sindinamvepo, za mayeso aja a ku Chilanga mu 1915, pomwe woyang'anira anamutulutsa pomuganizira kuti akubera chikhalirecho mwanayo anangoimirira kuti aone bwino pabolodi, ndi momwe anayendera wapansi mpaka ku Rhodesia.

Ndiye Kamuzu Academy. Amene simunaionepo, zithunzi zimaichepetsa. Mwachoka m'fumbi, mwadutsa nyumba zaudzu ndi ana opanda nsapato, mwadzidzidzi pali damu, kapinga, nsanja, makoma a njerwa zofiira oima mwaulemu. Ana anali m'makalasi, ndiye tinangoyang'ana chapatali. Inatsegulidwa mu 1981. Laibulale yake anaimanga motengera Library of Congress ya ku Washington. Chilatini ndi Chigiriki zinali zokakamiza kwa mwana aliyense. Ankatenga ana okhoza kwambiri m'boma lililonse, wa mlimi ndi wa nduna chimodzimodzi, n'kuwaphunzitsa ulere. Amalume ananena zonsezi chifuwa chili patsogolo, ndipo ine sindikutsutsa: sukuluyi yatulutsa madokotala, maloya ndi mainjiniya omwe akanathera kubusa.

Koma pali chimodzi chomwe chandikhala pamtima madzulo ano. Masiku a Kamuzu aphunzitsi a pasukuluyi ankawatenga kunja, makamaka ku Britain. Mmalawi sankaloledwa kugwira choko pamenepo. Tsono chaka chomwe zipata zija zinkatsegulidwa, Mmalawi wina wodutsa ku Makerere, ku Bristol ndi ku Cambridge, mphunzitsi weniweni wa aphunzitsi, munthu amene ndakatulo zake ana a sukulu m'mayiko ambiri a mu Africa ankaziwerenga, anali ku Nairobi kuphunzitsa ana a eni. Ngati chomwe Kamuzu ankafuna chinali Chingerezi chosalala ndi maphunziro a ku Mangalande, a Rubadiri anali nazo zonse. Chomwe analibe n'kugwada.

Taonani kumene zaka zawo zinathera. Kuyambira 1968 mpaka 1975 anaphunzitsa pa Makerere, mpaka ulamuliro wa Idi Amin unawasamutsanso, kuthawa kachiwiri munthu wothawa kale. Anapita ku yunivesite ya Nairobi. Anakhalako pang'ono ku Ibadan m'dziko la Nigeria ataitanidwa ndi Wole Soyinka. Kenako Gaborone, pa yunivesite ya Botswana, mpaka 1997. Chaka ndi chaka kalasi yatsopano, ana a ku Uganda, a ku Kenya, a ku Botswana, ambiri mwa iwo n'kudzakhala aphunzitsi nawonso. Tikamakamba za anthu othawa ulamuliro uja timakonda kuwerenga zomwe iwowo anataya: kwawo, maliro a abale omwe sanakhale nawo, manda omwe sanathirepo dothi. Zoonadi. Koma tiwerengenso zomwe tinataya ife otsala. Ine amene ndikulemba pano ndinaphunzitsidwa ndi aphunzitsi omwe akanatha kudutsa m'manja mwa a Rubadiri, koma sanadutsemo. Paja amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Apa zinatembenuka: anadya ndi akuluakulu, kupota kunagwera ana.

Ndipo sanali okha. Legson Kayira anathera ku England. Frank Chipasula anathawa. Jack Mapanje, amene anatsala, anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuonekera kubwalo la milandu.

Pobwerera zimenezi sindinawauze amalume. Anali osangalala, ndipo mlendo sayamba mlandu tsiku lofika.

Lachinayi

Kuyambira m'mawa kunja kunali thukuta lokhalokha, mpweya osayenda, nkhuku zili kukamwa yasa pansi pa nkhokwe. Msuweni anayanika ufa pamphasa ziwiri pabwalo. Cha m'ma 3 koloko amalume anayang'ana kuzambwe n'kunena mawu amodzi okha: “Anulani.”

Zomwe zinatsatira ndinaziona ndili pakhonde. Mitambo inatulukira mbali ya ku Zambia ili bii. Patsogolo pake panabwera mphepo, kamvuluvulu n'kunyamula mapesi, mapepala a pulasitiki ndi chipewa cha mwana wina. Mitengo ya mango inawerama, mango osapsa ali phuphuphu pansi. Msuweni anathamanga ndi lichero, mwana kumsana mutu uli pendapenda, chitenje chikumasuka, uku akukokolola ufa uku akukalipira mtsikana wake kuti achotse zovala pachingwe. Mayi wa nyumba yoyandikana ankakoka mbuzi yomwe inkakana kulowa m'khola. Mwamuna wake anakwera padenga kukasanjika njerwa pa lata lomwe linayamba kukupiza. Nanga ana? Ana anavula malaya n'kuyamba kulumphalumpha pakati pa bwalo, kukuwa, kutsegula kukamwa kuloza kumwamba. Kenako mphezi, chiphaliwali, madontho akuluakulu oyamba kudzutsa fumbi, fungo lija la dothi, basi waa! Pamalata panalibe womva mnzake. Tinatchera ndowa, mabafa ndi mapoto omwe.

Amene munawerengapo “An African Thunderstorm” mwaizindikira kale. Mitambo yochokera kuzambwe, mphepo yoyenda ngati wamisala, ana kukuwa mokondwa, amayi kuthamangathamanga ana ali kumsana, nsalu kukupizika, mitengo kuwerama kuti mphepo idutse: zonse zilimo. M'kalasi timakonda kuuza ana kuti mitambo ya kuzambweyo ndi atsamunda, ndipo poyankha mayeso amalemba zomwezo. Sindikuti n'zabodza. Koma timafulumira kwambiri kuthawira ku tanthauzo, mwana asanaione mvulayo. Choyamba ndakatuloyi ndi ya munthu amene anakhalapo pakhonde n'kuyang'anitsitsa. Ndipo chomwe anaona, chimene ambiri timachiphonya, n'chakuti pabwalo limodzi pali mitima iwiri: mwana akuona masewera, mayi akuwerenga ufa, denga ndi khanda. Ndakatuloyo imatha namondwe akungofika kumene. Sitiuzidwa ngati denga linatsala.

Itakata, tinakhala pakhonde ndi thobwa, magetsi a sola ali mbuu, ndipo ndinawawerengera amalume ndakatuloyo. Anati ndibwereze. Kenako anafunsa kuti mwini wake ndi ndani kwenikweni, chifukwa iwo, ngakhale anaphunzitsa zaka zonse zija, dzinali anayamba kulimva pawailesi mu 2000. Nditafotokoza za 1965, nkhope inasintha.

“Mphwanga, kazembe ndi pakamwa pa mfumu. Wakutuma wakukhulupirira. Sutaya kalata panjira chifukwa choti mawu ali m'katimo sakukusangalatsa.”

“Nanga amalume, kalatayo ikakhala yoti anzako omwe unali nawo m'ndende tsopano ndi zigawenga?”

Ndinawakumbutsa momwe zinathamangira. Ufulu unabwera pa 6 Julayi 1964. Mu Ogasiti a Rubadiri, ali ndi zaka 34, anakapereka zikalata zawo kwa Pulezidenti Lyndon Johnson. Mu Sepitembala, miyezi iwiri yokha chilandirire ufulu, Kamuzu anachotsa Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo, ndipo Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Masauko Chipembere anatula pansi maudindo. Ankakangana za tiki yolipira kuchipatala, za malipiro a ogwira ntchito m'boma, za ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique, ndi za kachitidwe ka Kamuzu kowatcha anyamata ake pamaso pa anthu.

“Tiki ndikuikumbuka,” anatero amalume. “Mayi anga anadandaula nayo. Koma dziko linali khanda. Khanda silifuna azamba khumi. Ngodya zinayi zija munkaziseka inu ana a matipate, koma umodzi, kumvera, kukhulupirika ndi kusunga mwambo zinatisunga. Anzathu oyandikana nawo ankaphana. Ndiponso Ngwazi nayo inakhala kunja zaka zoposa 40, sinalire.”

“Inapita yokha, amalume, ndipo itafuna kubwera mu 1958 anthu anakailandira ku Chileka. Awa akanabwera akanalandiridwa ndi ndani? Yatuta anaphedwa mu 1967. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992.”

Sanayankhe msanga. Anamwa thobwa, n'kupukuta ndevu. Amalume si munthu wovomera kugonja, ndipo sanagonje. Anangoti makadi a chipani nawonso ankawanyansa, makamaka a Yufi akamatchinga pamsika, koma munthu wa ana asanu ndi awiri sutula pansi ntchito, ulibe Makerere yothawirako. Pamenepo ndinakhala chete ndine, chifukwa n'zoona: kukana kumafunanso poponda, ndipo si onse anali napo.

Tikulowa kukagona anabwereranso ku ndakatulo ija. “Mu 1964 ndinali ndi zaka 14. Tinayenda wapansi kupita paboma kukaona mbendera yatsopano, kuimba mpaka mawu kusasa. Ana ovula malaya aja tinali ifeyo.”

Lachisanu

Mudzi wonse uli kumunda. Ine anandipatsa mbale ya mbewu, msuweni patsogolo ndi khasu kutema mapando, ine pambuyo kuponya ndi kufotsera ndi chidendene. Anandiseka kuti manja a choko sadziwa kuwerenga njere. Pofika 10 koloko msana unali utakana.

Masana ndamalizitsa buku lina lomwe ndinalipeza kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu ku Lilongwe: No Bride Price, nthano yaitali yokhayo yomwe a Rubadiri analemba, yotsindikizidwa ku Nairobi ndi East African Publishing House mu 1967. Ndi nkhani ya Lombe, mnyamata wophunzira amene wakwezedwa paudindo waukulu m'boma la dziko lina la mu Africa longolandira ufulu. Pamwamba pake pali nduna, Chozo, munthu amene amaona boma ngati munda wake ndi ogwira ntchito ngati matenanti. Pali mabala a m'tauni, pali Miria, mkazi amene Lombe amamukonda koma osamuchitira zoyenera, ndipo mapeto ake asilikali alanda boma.

Ndinene mosapsatira: ndakatulo zawo n'zakupsa kuposa bukuli. Anthu ena m'nkhaniyi amangodutsa osawadziwa bwino, ndipo kumapeto zinthu zimathamanga ngati wolemba akufuna kukwera basi. Koma ganizirani chaka chake. Mu 1967 mbendera zambiri zinali zisanasuluke, olemba ambiri anali akadali pa mlandu wa mzungu, koma bukuli linali litaloza kale nduna yakuda yokwera galimoto yaitali. Ndipo Lombe si ngwazi. Ndi munthu wofooka, wokonda mowa ndi udindo, wodziwa choipa koma wochedwa kukana. Munthu amene iye mwini anakana msanga akanatha kulemba za wolimba mtima kuti tizimuona iyeyo m'menemo. Sanatero.

Chodabwitsa n'kuchepa kwa zomwe anasiya. Nthano yaitali imodzi, sewero la Come to Tea la mu 1965, mabuku osonkhanitsa ndakatulo za ena, ndipo buku la ndakatulo zawo zokha, An African Thunderstorm and Other Poems, linadzatuluka mu 2004 ali ndi zaka 74. Ena amalemba mashelefu athunthu osasiya mzere umodzi wokumbukika. Ine monga mphunzitsi ndimaganiza kuti zambiri anazilemba ndi inki yofiira m'mphepete mwa mapepala a ophunzira.

Madzulo kwatuluka ngumbi. Ana azinga chulu cha kuseri kwa tchalitchi ndi mabeseni a madzi ndi matochi a m'mafoni, ndipo msuweni wakazinga mbale yodzaza, mchere pang'ono, mafuta ake omwe. Amalume, pakamwa pali noninoni, analoza buku lija pampando.

“Limenelo undisiyire. Ndione ngati nduna yakeyo ndikuidziwa.”

Loweruka

Ndadzuka tambala woyamba kuti ndipeze matola a m'mawa. Msewu wafewa, fumbi lagona, ndipo m'minda monse muli anthu owerama. Paboma ndinazungulira mashopu ogulitsa mabuku ndi zolembera kufuna buku lililonse la a Rubadiri loti ndisiyire mtsikana wa msuweni, amene ali Fomu 3. Ndapeza Mabaibulo, mabuku a nyimbo, timabuku ta mafunso a mayeso akale ndi makope. Ndamusiyira mapepala a fotokope.

Mbiri ya a Rubadiri inatha mokhala ngati yabwino. Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha 1994 zitasintha zinthu, boma la Bakili Muluzi linawatumanso ku United Nations mu 1997, pampando womwewo anausiya zaka 32 m'mbuyomo. Chaka chomwecho, mu Novembala, Kamuzu anamwalira ku Johannesburg. Mu 2000 a Rubadiri anakhala mkulu wa yunivesite ya Malawi, ndipo mu 2005 yunivesite ya Strathclyde ku Scotland inawapatsa digiri yaulemu. Anamwalira pa 15 Sepitembala 2018 ali ndi zaka 88.

Ndati mokhala ngati yabwino chifukwa pofika 2000 anali ndi zaka 70, ndipo chomwe tinawapatsa ndi ofesi, misonkhano ndi mavuto a ndalama za yunivesite. Zaka za mphamvu, zoimirira kutsogolo kwa kalasi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, zinali zitadyedwa kale kwina.

Minibasi ya ku Lilongwe yadzaza msanga lero, anthu akuthamangira mbewu ndi feteleza. Tili pa Madisi foni inalira: msuweni. Akuti amalume sanapite kumunda, ali pakhonde ndi magalasi pamphuno kuyambira m'mawa, phala lazizira pambali. Akuti ndikuuzeni kuti ndunayo aidziwa, ndipo si imodzi, koma amene wawakwiyitsa kwambiri ndi Lombe. Akufunsa ngati mnyamata ameneyu kwawo kunalibe malume.